Kukonzetsa nyumba popanda kontirakitala kumafuna munthu wa mtima wotani?

Mu Lilongwe muno anthu ambiri akafuna kuwonjezera chipinda, kuyika matailosi kapena kusintha denga salemba kontirakitala. Amadzipezera okha bilidala, kalipentala, pulambala ndi wamagetsi, katundu n'kumakagula okha ku Malangalanga kapena ku Kanengo. Sindiwadzudzula. Kontirakitala amaikapo phindu lake pamwamba pa mtengo wa ntchito, ndipo ndalama masiku ano yavuta. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankamanga nthawi imeneyo akukumbukira mmene simenti, malata ndi penti zinakwerera mitengo ntchito ili pakati.

Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira zomangamanga, ndiye anthu amandifunsa ngati angathe kuyendetsa okha ntchito yotereyi. Amayembekezera kuti ndiwafunsa ngati amadziwa kusakaniza simenti, koma ndimawafunsa za khalidwe lawo. Kumangako adzamanga mmisiri. Chimene chagwera inu mukachotsapo kontirakitala ndicho kuika ntchito m'ndondomeko, kugwira ndalama, kuona ngati chapangidwacho chili bwino, ndi kulankhula pamene chalakwika. Zonsezi zimadalira mtima wa munthu kuposa sukulu imene anaphunzira.

Chimene ndaona chikuwonongetsa ndalama zambiri ndi manyazi. Mmisiri amene mwamupeza nthawi zambiri si mlendo. Ndi bambo wamkulu wa kutchalitchi kwanu, kapena mlamu wa mnzanu wa kuntchito, mwinanso msuweni wanu. Mwafika madzulo, mwaona kuti khoma latsopano lapendekera pang'ono, mtima wagunda, koma pakamwa pakutuluka mawu akuti, "Mwagwira ntchito, bambo, zikomo." Mwapita kukadandaulira akunyumba kwanu. Mawa mizere ina isanu ya njerwa yakwera pamwamba pa cholakwika chija, ndipo pofika Loweruka simenti yagwira. Chimene chikanakonzeka tsiku lomwelo pongophwasula njerwa zochepa tsopano chikufuna hamala, njerwa zina ndi simenti ina. Akulu anati manyazi anapha lambe, ndipo pa malo omangira mawu amenewa ndimawaona akuchitika ndi maso.

Munthu woyenera ntchito imeneyi ndi amene angathe kunena mofatsa kuti, "Pepani bambo, khomali likundikayikitsa. Tabweretsani levulo tione limodzi." Palibe mwano pamenepo. Levulo ikaikidwa pakhoma, kadontho ka mpweya ka m'kati mwake kamasonyeza kokha, ndipo nkhani sikhalanso ya wamkulu ndi mwana. N'chimodzimodzi ndi matailosi. Tengani kiyi, mugogode tailosi iliyonse pakati ndi m'makona. Imene yagwira bwino imamveka mawu olemera, pamene imene ili ndi mphako pansi imalira ngati chitini chopanda kanthu. Zimachitika mmisiri akapaka zomatira m'makona mokha pofuna kufulumira kapena kuti katundu atsale. Tailosi yotero idzasweka tsiku limene mwendo wa bedi kapena wa firiji udzaiponda. Kugogodako ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chovuta ndi kutembenuka n'kumuuza munthu wa msinkhu wa bambo anu kuti izi zisanu azichotse.

Komanso musaganize kuti waukali ndiye amapambana. Mwininyumba wokalipira mmisiri pamaso pa madagaboyi ake amataya chinthu cha mtengo wapatali, chomwe ndi malangizo a mmisiriyo. Munthu akanyozedwa kawiri amasiya kulankhula, amangochita zimene wauzidwa. Akudziwa kuti khoma limene mukufuna kugumulalo ndi limene lasenza denga, koma mumtima akuti, "Abwana amadziwa zonse, asiyeni." Ena amangosowa, mumva kuti ayamba ganyu ku Area 49, ntchito yanu itaima pa lintala. Ngati pali cholakwika, muitanireni pambali. Ndipo inunso sungani mbali yanu: tsiku lolipira likafika, lipirani. Amisiri ambiri amadya za tsiku lomwelo, ndipo amene mwamuzengereza malipiro sangaike mtima pa pulasitala wanu.

Nkhani ya ndalama imayesa anthu achifundo. Lachitatu mmisiri abwera nkhope ili pansi: "Bwana, kumudzi kwagwa zovuta, mundithandizeko ya mtsogolo." Nthawi zambiri zimakhala zoona, ndipo ndife anthu, maliro sitiwanyalanyaza. Koma siyanitsani zinthu ziwirizi. Ngati mukupereka chipepeso, perekani zimene mungathe ngati chipepeso. Ngati ndi gawo la malipiro, lilembedwe m'kope, iye asaine. Vuto limayamba pamene ndalama yatsogola, ntchito yatsalira. Munthu amene walandira kale zonse ntchito ili theka alibe chomubweretsa Lolemba, chifukwa ana ake akufuna chakudya ndipo chakudyacho chili pa ganyu yatsopano. Gwirizanani mtengo pa gawo lililonse, monga maziko, kukweza khoma mpaka pa lintala, kufolera, pulasitala, ndipo muzilipira gawolo likatha n'kuonedwa. Pa ntchito zikuluzikulu za makontirakitala mwini ntchito amasungako gawo la ndalama, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka papite nthawi yoonera ngati pali zolakwika. Inunso mungachite zomwezo, bola munene poyamba, osati pa tsiku lolipira.

Kopelo ndimalitenga ngati muyeso wa munthu. Amene amasunga malisiti, amene amadziwa kuti mwezi watha ndalama inapita kuti, ameneyo ntchitoyi aikwanitsa. Amene amati "ndikumbukira" adzakangana ndi aliyense. Lembani kuti lero kwabwera matumba angati a simenti, agwiritsidwa angati, atsala angati. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, ndipo pa pulasitala lisadye mchenga woposa mawilibala atatu osasefukira. Mukaona khoma lalikulu latha ndi simenti yochepa modabwitsa, musasangalale. Kandani pulasitalayo ndi msomali akauma. Akamayoyoka ngati mchenga wa kudambo, simenti ina sinafike pakhomapo.

Tsopano za munthu wosinthasintha maganizo. Masiku ano zithunzi za nyumba zokongola zili ponseponse pa Facebook ndi TikTok, ndipo usiku uliwonse munthu amagona ndi khitchini yatsopano m'mutu. Koma ntchito ya nyumba ili ndi kayendedwe kake. Denga limayamba, kuti pansi pasanyowe. Kenako amaswa khoma poika mapaipi a madzi ndi timapaipi todutsitsa mawaya. Pulasitala amabwera pambuyo pake, kenako siling'i, matailosi, penti pomaliza. Mukaganiza zosuntha sinki matailosi atayikidwa kale, mukulipira pulambala, woyika matailosi ndi wopenta kachiwiri, kuwonjezera apo katundu wosweka. Nthawi yosintha maganizo ndi pamene zinthu zili papepala. Tengani choko, jambulani pansi pamene padzakhale bedi, firiji ndi TV, kenako musonyeze wamagetsi malo a masoketi. Zikatero, tsekani nkhaniyo.

M'banja, pakhale pakamwa pamodzi polankhula ndi amisiri. Mayi akanena m'mawa kuti windo likhale apa, bambo madzulo n'kuti likhale apo, mmisiri amatsatira amene amamulipira, ndipo mkangano wake umatsalira m'nyumbamo kwa zaka. Kambiranani kuchipinda, mmodzi akanene.

Pa zokongoletsa, woyenera ndi amene amaganizira za mmene adzakhalire m'nyumbamo, osati za mmene alendo adzayamikire. Fumbi lofiira la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa silisiya khoma loyera la kunja, makamaka m'madera amene misewu yake ndi yafumbi. Matailosi onyezimira amakongola m'shopu, koma pakhonde kapena m'bafa akanyowa amaterera, ndipo agogo akabwera kudzacheza ndi amene adzagwe. Penti musagule mabaketi onse mutangoona kakadi ka mtundu. Gulani kachitini kakang'ono, mupake pakhoma malo okwana mita imodzi, muone m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka. Matailosi okha ndiye gulani onse nthawi imodzi, a nambala imodzi ya pabokosi, muwonjezerepo pafupifupi 10 peresenti ya odula ndi osweka. Mukabwerera kushopu patapita mwezi mudzapeza atha, kapena abwera ena ooneka ofanana koma mtundu wasiyana pang'ono.

Kudekha n'kofunika chifukwa simenti simva kuti mwafulumira. Konkire imafunika kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene amaiwerengera imafika pa masiku 28. M'kutentha kwa Okutobala, silabu yosathiriridwa imayamba ming'alu sabata isanathe. Popeza madzi a m'mipope amatha kusiya osatsanzika, konzeranitu migolo ntchito isanayambe. Pulasitala watsopano amafuna milungu itatu kapena inayi asanapakidwe penti, apo ayi pentiyo amatupa n'kumasupuka. Ndiye ngati mukukonza nyumba chifukwa chinkhoswe chili milungu iwiri kutsogoloku, kapena landilodi wakupatsani notisi, dziwani kuti changu chimenecho chidzakukakamizani kuvomera zinthu zimene simukanavomera. Ndipo denga musalitsegule pakati pa Disembala ndi Malichi pokhapokha malata, misomali ndi amisiri zonse zili pamalopo.

Nyumba zakale zimafuna munthu wosagwa mphwayi msanga. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo nyumba zambiri za Malawi Housing Corporation m'madera ngati Area 18 zinamangidwa m'zaka zimenezo. Mukachotsa siling'i ya nyumba yoteroyo mutha kupeza matabwa atadyedwa ndi chiswe, mawaya atauma n'kumathetheka, mapaipi achitsulo atatsekeka ndi dzimbiri mkati. Palibe amene wakuberani, ndi ukalamba wa nyumba. Ikani padera 10 mpaka 15 peresenti ya bajeti yanu kuti ikhale ya zotulukira mwadzidzidzi, ndipo musaikhudze pogula makatani. Ngati denga lake ndi la asibesitosi, musalole anyamata kuliswa kapena kulicheka mwachisawawa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Pali funso lina limene anthu amadzinamiza poyankha, la nthawi. Ngati mumachoka ku Area 25 m'bandakucha kupita ku Capital Hill n'kubwerako kutada, mudzaona zimene zaonekera kunja zokha. Koma zolakwika zoopsa zimakwiririka: zitsulo za m'bimu, pepala lakuda loletsa chinyezi pamaziko, mankhwala a chiswe, malumikizidwe a mapaipi pansi pa matailosi. Simukufunika kukhalapo tsiku lonse. Uzani mmisiri kuti asathire konkire musanaone zitsulo, ndipo pulambala asakwirire paipi musanatsegule madzi n'kuona kuti palibe podontha. Jambulani ndi foni khoma lililonse mapaipi ndi mawaya ali poyera, kuti tsiku lina pokhoma msomali mudzadziwe podutsa pake. Abale athu amene ali ku Johannesburg n'kumatumiza ndalama kwa achimwene, pamenepa ndi pamene amapwetekera. Achimwenewo akhoza kukhala okhulupirika ndithu, koma sadziwa choyang'ana, ndipo chithunzi cha pa WhatsApp sichionetsa kuti m'bimu muli zitsulo zingati.

Woyendetsa bwino ntchito saopa kuoneka wosadziwa. Amafunsa kushopu kuti malata awa ndi a geji yanji, n'kuphunzira kuti nambala ikachepa lata limakhala lochindikala, moti geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Amafunsa wamagetsi chifukwa chimene waya wa magetsi owunikira uli wa saizi ya 1.5 pamene wa masoketi uli wa 2.5, ndipo wa kukala ndi wokulirapo. Amadziwanso pamene nzeru zake ndi za bilidala zathera. Kugumula khoma la mkati, kuthira silabu ya pamwamba kapena kuwonjezera nyumba yosanja kumafuna injiniya. Kuwonjezera chipinda kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Wamagetsi akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo mumupemphe akuonetseni. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, chilolezo cha mwini wake chikhale cholembedwa.

Mukadziona kuti ndinu wamanyazi, kapena nthawi mulibe, kapena ndalama sizikhala m'manja mwanu, palibe chochititsa manyazi. Pezani munthu wodziwa zomangamanga amene si mnzake wa bilidala wanu, muzimulipira pa ulendo uliwonse woyendera ntchito pa magawo obisika aja, ndipo mugwirizane kuti mmisiri salandira ndalama ya gawo iye asanavomereze. Ngati ntchito ndi yaikulu, lembani kontirakitala wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira zomangamanga, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 ndi dzina lakuti National Construction Industry Council. Funsani satifiketi yake, muone ngati ili ya chaka chino, ndipo mupite mukaone nyumba ziwiri zimene anamaliza kale, makamaka zimene zadutsapo dzinja limodzi. Kumeneko mulankhule ndi eni nyumbazo iye palibe.