Njovu imachenjeza isanathamangitse munthu

Anthu akamakonzekera ulendo wokaona njovu, funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Kodi tikaziona?" Ku Liwonde National Park yankho lake n'losavuta: mukaziona ndithu, makamaka m'chilimwe. Koma ife amene timaperekeza alendo m'nkhalango timalakalaka mutafunsa funso lina. Njovu ikaima patsogolo pa galimoto n'kukuyang'anani, mudziwa bwanji ngati ikungodutsa kapena ikufuna muchoke?

Tiyambe ndi nyengo. Liwonde ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo mtsinjewo ndiwo umakoka njovu. Njovu yaikulu imatha kumwa malita oposa 100 pa tsiku, choncho madambo ndi zithaphwi za m'tchire zikauma, magulu onse amatsikira kumtsinje. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala utauma, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, moti maso amaona patali. Dzinja likafika zinthu zimasintha. Madzi amapezeka paliponse, njovu zimamwazikana, ndipo dothi la makande limameza matayala a galimoto. Nkhalango imakongola, mbalame zimachuluka, koma ngati mwadzera njovu, bwerani kusanagwe mvula.

Mukapeza mpata, kwerani boti. Njovu ikakhala m'mphepete mwa madzi ikuzula bango sisamala kwenikweni za boti limene layandama mwakachetechete, ndipo nthawi zina mumaiona ikuwoloka mtsinje thupi lonse litamira, chitamba chokha chili pamwamba ngati paipi yopumira. Dzuwa likatentha ndi pamene zimakonda kubwera kudzamwa, kusamba ndi kudzipaka matope, amene amaziteteza ku dzuwa ndi tizilombo toluma.

Tsopano za khalidwe lake, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Gulu la njovu limene mumaliona lili ndi ana si chisawawa ayi, ndi banja. Limatsogoleredwa ndi njovu yaikazi yachikulire, ndipo m'menemo muli ana ake, abale ake aakazi ndi zidzukulu. Zamphongo zimachoka m'banjamo zikafika zaka za pakati pa 12 ndi 15, n'kumayenda zokha kapena ndi zinzake zamphongo. Mukafika pa gulu, musatengeke ndi kamwana kokha. Yang'anani gogo wa gululo, chifukwa iyeyo akadekha onse adekha, akatekeseka onse atekeseka.

Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo mwana amabadwa akulemera pafupifupi makilogalamu 100. Mayi amene wavutikira mwana nthawi yonseyo sachita naye masewera. Lamulo limene sitiliphwanya ndi lakuti galimoto isalowe pakati pa mayi ndi mwana, kapena kudula gulu pakati pamene likuwoloka msewu. Ngati zisanu zawoloka, dikirani. Kawirikawiri kumbuyo kumakhala kutatsala kena kakang'ono kamene simunakaone m'tchire.

Alendo ambiri amanjenjemera akaona njovu ikukupiza makutu. Kumeneko si kukwiya, ikudziziziritsa. M'makutu mwake muli mitsempha yambiri ya magazi, ndipo ikamakupiza magaziwo amazizira asanabwerere m'thupi. Mchira ukamagwedezeka uku ndi uku, chitamba chili kalikiliki kuthyola masamba, dziwani kuti mtima uli m'malo.

Chenjezo limayamba pamene yasiya kudya. Imadzutsa mutu, kutambasula makutu osawakupizanso, mchira n'kuuma. Mwina ipukusa mutu mwamphamvu makutu n'kulira phaa, mwina ikwapula fumbi ndi chitamba kapena kugwedeza mwendo wakutsogolo. Ikatero ikunena kuti mwayandikira kwambiri. Nthawi zina imathamangira kwa inu mapazi angapo, ikulira, makutu ali tambasu, kenako n'kuima. Uku n'kuopseza. Yotsimikiza kugunda nthawi zambiri imabwera mutu uli pansi, makutu itawapanikiza kumbuyo, chitamba itachipinda, ndipo sichita phokoso lambiri. Ndikunena izi kuti mumvetse zimene woyendetsa wanu akuwerenga, osati kuti mukayesere nokha kusiyanitsa. Pali njovu zina zimene zimayamba ndi kuopseza n'kusintha maganizo pakati panjira.

Palinso yamphongo imene iyenera kupatsidwa njira popanda kukambirana. Nyengo ina pa chaka, njovu yamphongo yokhwima imalowa m'nthawi yolusa pamene thupi lake limakhala lokonzekera kukwera ndi kulimbana ndi zinzake. Mudzaizindikira ndi madzi akuda ochucha m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, komanso mkodzo wodontha mosalekeza umene umanyowetsa miyendo yakumbuyo. Fungo lake limamveka patali. Imayenda monyang'wa pakati pa msewu, ndipo siyembekezera kuti ipatuke ndi iyo. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mutaisiyira malo.

Chimene chimandidandaulitsa kwa anthu oyendetsa okha galimoto n'kufuna chithunzi chapafupi. Amayandikira, njovu n'kusuntha, iwo n'kuyandikiranso. Ena amafika poliza hutala kuti itembenuke. Mapeto ake amabwerera ndi zithunzi za kumbuyo kwa njovu zothawa. Njira yabwino ndi kuona kumene gulu likulowera, kukaima pataliko pambali pa njira yake, pamalo oti mungathe kuchoka mosavuta, n'kukhala chete. Zikaona kuti simukusuntha zimabwera zokha, mwina kudutsa pafupi moti mumamva kulindima kwa m'mimero mwake. Kulindima kumeneko ndi kulankhulana, ndipo mawu ena ndi otsika kwambiri moti khutu la munthu silingamve, koma njovu ina imawamva ili makilomita angapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendo wapansi ndi nkhani ina. Simuyenda nokha, mumakhala ndi agemu onyamula mfuti, ndipo iwo amayamba aona kumene mphepo ikuchokera. Njovu siona patali kwenikweni, koma mphuno yake n'njakuthwa zedi. Akakuuzani kuti imani, imani. Musathamange, chifukwa simungaipose liwiro. Pamalo ogona, musasunge malalanje kapena mango mu tenti, ndipo usiku musatuluke popanda wokuperekezani. Nyama yolemera matani asanu kapena asanu ndi limodzi imayenda mwakachetechete modabwitsa chifukwa kuphazi kwake kuli mnofu wofewa.

Njovu za ku Liwonde zili ndi mbiri yake. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, koma kwa zaka zambiri inadzaza ndi misampha ya waya, ndipo njovu zinkatuluka kukawononga minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, n'kumanga mpanda wamagetsi ndi kuzula misampha masauzande ambiri. Njovu zinali zitachuluka kuposa chakudya chimene malowo angapereke, choncho mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Kumeneko nkhani siinakome mbali zonse: anthu a m'midzi ya m'malire a pakiyo, kuno ndi ku Zambia komwe, akhala akulira minda ndi abale awo ophedwa ndi njovu. Mlendo amene akusirira njovu ali m'galimoto ayenera kudziwa kuti kunja kwa mpanda kuli mlimi amene amagona m'munda kulondera chimanga chake, ndipo kwa iyeyo nyama imeneyi si yosangalatsa.

Ngati Liwonde ili kutali, ku Majete m'boma la Chikwawa njovu zinabwezeretsedwako zitatheratu, ndipo lero zimaoneka bwino. Kumpoto, ku Vwaza, zimatsikira ku nyanja ya Kazuni m'chilimwe. Ku Nkhotakota nkhalango ndi yowirira, choncho kuziona kumafuna nthawi yochuluka, ndipo m'mbali mwa mtsinje wa Bua ndi poyambira pabwino. Nzika za Malawi zimalipira ndalama yocheperapo pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, ndiye musaiwale chiphaso chanu chaunzika.