Kukaona manda akale a Ħal Saflieni ku Malta: bwanji amalola anthu 80 okha patsiku?

Kodi Ħal Saflieni ndi malo otani?

Ndi manda osemedwa m'thanthwe pansi pa nthaka, m'tauni ya Paola pachilumba cha Malta. Anthu akale anayamba kuwakumba zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, popanda chida chilichonse chachitsulo, ndipo anasiya kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 2500 Khristu asanabadwe. Zipinda zake zili m'magawo atatu osanjikizana, ndipo akatswiri amati munaikidwa anthu pafupifupi 7,000. Anawatulukira mwangozi mu 1902 amisiri amene ankakumba maenje osungiramo madzi a nyumba zatsopano. Wansembe Manuel Magri ndiye anayamba kufukula, koma anamwalira mu 1907 lipoti lake lisanatuluke, ndipo Themistocles Zammit anapitiriza ntchitoyo. UNESCO inawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1980.

Lamulo lolowera likuti chiyani?

Bungwe la Heritage Malta, lomwe limayang'anira malowa, limalowetsa anthu m'magulu a anthu 10, ndipo onse pamodzi sapitirira 80 patsiku. Tikiti imalembedwa tsiku ndi ola. Mukatsika mumayenda limodzi ndi gulu lanu, mukumvera ndemanga pa kachipangizo ka m'khutu, ndipo magetsi amayaka pamene gululo lafika n'kuzima mukadutsa.

Si kukhwimitsa zinthu mopitirira muyeso kumeneku?

Ine ndikuti ayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Malowa anatsegulidwa kwa anthu mu 1908, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankalowa mwaunyinji. Munthu akamapuma amatulutsa mpweya ndi chinyezi, thupi lake limatenthetsa chipinda, ndipo magetsi oyaka tsiku lonse amameretsa ndere pamakoma. Thanthwe la laimu ndi lofewa, silichedwa kudyeka. Chimene chinali pangozi kwambiri ndi zojambula zofiira za mizere yopindapinda zimene zili kudenga kwa zipinda zina, zopakidwa ndi dothi lofiira longa katondo. Zojambula zotere zikafufutika palibe amene angazibwezeretse. Amene anaonapo zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza akudziwa mmene utoto wakale umathera anthu akamaugwiragwira. N'chifukwa chake malowa anatsekedwa kwa zaka zambiri m'ma 1990 n'kutsegulidwanso mu 2000, kenaka anatsekedwanso mu 2016 mpaka 2017 kuti aikemo makina atsopano oyang'anira mpweya, kutentha ndi chinyezi. Chiwerengero cha 80 chija ndi muyeso wa zimene thanthwelo lingapirire, ndipo mlendo aliyense amene wabwezedwa pakhomo lero ndiye akusungira ana a mawa chipinda chotchedwa Holy of Holies, chimene makoma ake anasemedwa motsanzira akachisi a pamtunda, ndi Oracle Room, mmene mawu okuya amamveka mpaka kukunjenjemeretsa pachifuwa.

Tikiti ndigule liti?

Msanga, pa intaneti, patsamba la Heritage Malta. M'miyezi yotentha malo amatha kudakali masabata ambiri, nthawi zina miyezi. Pezani tsiku la ku Ħal Saflieni kaye, ndiye mukonze ulendo wonse mozungulira tsikulo. Pamakhala matikiti ochepa ogulitsidwa kutatsala tsiku limodzi, koma ndi okwera mtengo ndipo amalimbiranidwa m'mamawa. Musaikepo mtima.

Ana ndi zithunzi bwanji?

Ana osakwana zaka 6 saloledwa kutsika, ndipo kujambula zithunzi m'katimo n'koletsedwa. Njira ndi yopapatiza, ya masitepe, ndipo pena muyenera kuwerama. Amene amabanika m'malo opanikizika aganizire bwino.

Kodi malowa akukhudzana ndi mtumwi Paulo, amene chombo chake chinasweka ku Melita?

Melita ndiye Malta yemweyu, koma manda awa anali atasiyidwa kale zaka zoposa 2,000 Paulo asanafike. Manda otchedwa St Paul's Catacombs ali ku Rabat, ndi a nthawi ya Aroma, ndipo kulowako sikuvuta chonchi.

Ndikalephera kupeza malo, ulendo wapita pachabe?

Ayi ndithu. Akachisi a Tarxien ali pafupi, mtunda wongoyenda pansi kuchokera ku Paola. Akachisi a Ħaġar Qim ndi Mnajdra ali kugombe la kummwera, pansi pa matenti aakulu amene anaikidwa mu 2009 kuti miyala isathe ndi dzuwa ndi mvula. Kachisi wa Ġgantija, pachilumba cha Gozo, ndi wakale kuposa mapiramidi a ku Igupto. Ndipo kachifanizo kadongo ka mayi wogona cham'mbali, kotchedwa Sleeping Lady, komwe kanapezeka m'manda a Ħal Saflieni momwemo, simungakaone m'mandamo: kali ku National Museum of Archaeology mumzinda wa Valletta, kumene mungapite osasungitsa malo masabata ambiri pasadakhale.