Ana a kumudzi ku Ireland: akunyozana kapena akusereulana?

Ntchito yanga ndi yosankhira ana mabuku mu laibulale, ndipo kholo likatsegula buku loseketsa la achinyamata a kumudzi ku Ireland, funso limene limabwera msanga ndi lakuti, "Kodi anawa ndi mabwenzi kapena adani?" Sindiwadabwa makolowo. Tsamba loyamba lomwe, wina akuseka makutu a mnzake, mnzakeyo akumukumbutsa za tsiku limene anathamangitsidwa ndi nkhosa anthu akuona.

Eniake khalidweli amalitcha slagging. Ife tingati kusereulana, monga amachitira asuweni: mawu aukali, mtima uli mbee. Kumeneko munthu amene anzake samusereula ndiye mlendo. Choncho mwana wochokera ku Dublin, likulu la dzikolo, akasamukira kumudzi m'nkhani zoterezi, ulemu umene anzake akumupatsa ndi chizindikiro choti sanamulandire. Tsiku limene amupatsa dzina lachipongwe, walowa m'gulu.

Koma n'chifukwa chiyani kumudzi? Chifukwa kulibe chinsinsi. Wogulitsa m'sitolo ndi azakhali a mnzako, woyendetsa basi ya sukulu anaphunzira kalasi imodzi ndi bambo ako. Mabasi amenewa anayamba kutenga ana a sekondale akumidzi mu 1967, chaka chimene boma linachotsa fizi, ndipo kwa wolemba ndi malo abwino zedi: ana omwewo, mipando yomweyo, m'mawa ndi madzulo, kothawira kulibe. Mwana wa zaka 14 amafunitsitsa kubisa zinthu, mudzi sulola. Phwete lambiri limachokera pamenepo.

Pali masewero. Bungwe la masewero achiayirishi lotchedwa GAA (Gaelic Athletic Association), lomwe linakhazikitsidwa m'tawuni ya Thurles mu 1884, limayendetsa hurling (masewero omenya kampira ndi ndodo) ndi mpira wachigaeliki (woseweredwa ndi manja ndi miyendo yomwe), ndipo matimu ake ambiri amatsata malire a parishi. Umasewerera kwanu, sulipidwa, ngakhale utafika pa bwalo lalikulu la Croke Park ku Dublin pamaso pa anthu oposa 80,000. Ndiye taganizani mnyamata amene ndodo ya hurling imamukana, m'mudzi umene agogo ake amakumbukiridwa ndi chigoli chimodzi. Wolemba waluso sachita kufunafuna nthabwala, amangomuimika mnyamatayo pagolo.

Tchuthi chachikulu cha sekondale chimatenga June, July ndi August. Ana ena amatumidwa kudambo kukatembenuza ndi kusanja zidutswa za dothi lakuda lotchedwa turf, limene likauma amasonkhera moto m'malo mwa nkhuni. Msana umawawa, tizilombo timaluma, ndipo kudandaula pamodzi kumamanga chinzake kuposa phwando.

Gawo limene ine ndimalikonda ndi la Gaeltacht. Awa ndi madera, makamaka kumadzulo monga Connemara ndi mbali zina za Donegal ndi Kerry, kumene chiayirishi chikuyankhulidwabe pakhomo. Achinyamata ambiri amatumizidwako pa tchuthi, kawirikawiri kwa masabata atatu, kuti akaphunzire chiyankhulocho. Amagona m'nyumba za anthu, angapo chipinda chimodzi, akuyang'aniridwa ndi mayi wapakhomo amene amatchedwa bean an tí. Madzulo kuli gule wa céilí, kumene mnyamata wamanyazi ayenera kupempha mtsikana kuti avine naye m'chiyankhulo chimene iye akuchidziwa mwa apo ndi apo. Sukulu zina n'zokhwimitsa lamulo: ukagwidwa ukuyankhula Chingerezi, ukhoza kubwezedwa kwanu. Amene tinavalapo chikwangwani pakhosi chifukwa choyankhula Chichewa kusukulu tikuona kuti kumeneko zinatembenuzika, ndipo ana athu akamva zimenezi amaseka asanafike n'komwe pa nthabwala ya wolemba.

Tsono kholo lingasiyanitse bwanji kusereulana ndi nkhanza? Ndimawauza kuti aone zinthu ziwiri. Kodi wosereulidwayo akubwezera? Asuweni amaponyerana, sikuti mmodzi yekha ndiye wolandira tsiku lililonse. Chachiwiri, afufuze mutu umene nthabwala yapyola muyeso, chifukwa buku labwino la mtunduwu limakhala nawo. Wina watchula ngongole ya famu ya bambo a mnzake, kapena mchimwene amene anapita ku Australia osabwerako, ndipo m'basi mwangoti zii. Wolemba waulesi amathamangira nthabwala ina kuti chetecho chithe. Wodziwa ntchito amawasiya anawo masiku angapo osayankhulana, wowerenga n'kuyamba kusowa chipongwe chija.

Kupepesa kwake nakonso sikubwera ndi mawu ambiri. Wolakwa uja amangotulukira kudambo m'mamawa, n'kuyamba kusanja turf pambali pa mnzake osanena kanthu. Dzuwa likafika pamutu, mnzake uja amamuyang'ana n'kumuuza kuti akusanja ngati nkhuku yopalasa.