Zidzolo za carbamazepine si matenda akutuluka

Kuno ku Zomba ambiri amati munthu akayamba mankhwala n'kutuluka zidzolo, ndiye kuti mankhwalawo akutulutsa matenda, angopirira. Pa carbamazepine, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu komanso omva ululu wobaya wa mitsempha ya kumaso, maganizo amenewa akhoza kupha munthu.

Chizungulire, tulo ndi kuona zinthu ziwiriziwiri zimachitikadi masiku oyamba, ndipo nthawi zambiri zimachepa thupi likazolowera. N'chifukwa chake adokotala amayambitsa pang'ono, 100 mg kapena 200 mg, n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Zidzolo ndi nkhani ina. Zikabwera pamodzi ndi kutentha thupi, maso ofiira, zilonda m'kamwa kapena kumaliseche, apo ayi matuza onga a moto, chingakhale chiyambi cha Stevens-Johnson syndrome, pomwe khungu limasupuka. Kawirikawiri zimayamba m'miyezi iwiri yoyambirira. Musamwenso piritsi lina, musapake chilichonse, pitani ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chapafupi tsiku lomwelo, mutatenga paketi ya mankhwalawo ndi buku lanu lakuchipatala. Kumeneko adzakupatsani ena m'malo mwake, chifukwa wa khunyu akangokhala osamwa kanthu amatha kugwa motsatizana osatsitsimuka.

China chimene ambiri sauzidwa: carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Mapiritsi olera ndi kolowetsa pamkono zimachepa mphamvu, mayi n'kutenga pakati mosayembekezera. Lupu sakhudzidwa. Dolutegravir wa mu ma ARV nayenso amachepa m'magazi, choncho auzeni adokotala ngati mukumwa ma ARV.