Thumba limene maboma anakana, mizinda n'kulitola

Kuyambira pa 10 mpaka pa 12 Disembala 2003, mzinda wa Geneva ku Switzerland unalandira alendo oposa 11,000 ochokera m'mayiko 175. Bungwe la United Nations linaitanitsa msonkhano waukulu wokambirana za makompyuta, matelefoni ndi intaneti, ndipo amene anakonza zonse ndi a ITU, nthambi yake yoona za mauthenga. Nkhani zinalipo zambiri, koma zimene zinaumitsa mitu zinali ziwiri. Yoyamba inali yoti intaneti aziilamulira ndani. Yachiwiri inali ya ndalama: ngati mayiko onse akuvomereza kuti munthu wa ku Dakar kapena ku Bujumbura ayenera kupeza intaneti ngati mnzake wa ku Paris, nanga alipira ndani?

Funso limeneli silinali lachilendo. Mu Febuluwale 1995, pamsonkhano wa mayiko olemera a G7 ku Brussels, a Thabo Mbeki, amene nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la South Africa, anauza nduna zimene zinasonkhana kuti chigawo cha Manhattan chokha ku New York chinali ndi matelefoni ambiri kuposa mayiko onse a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Pofika 2003 zinthu zinali zitayamba kusintha, koma pang'onopang'ono. Ife amene tinkalowa m'ma internet cafe a mu Blantyre ndi Lilongwe zaka zimenezo tikukumbukira bwino. Unkayamba walemba kalata yako papepala uli kunyumba, chifukwa kuganiza uli pakompyuta kunali kutaya ndalama: ankawerengera mphindi. Ukadina, tsamba linkatseguka chidutswachidutswa kuchokera pamwamba, iwe maso ali pawotchi ya pakhoma. Magetsi akathima usanatumize, zonse zapita, koma ya mphindizo ulipirabe.

Munthu amene anabwera ndi yankho anali Abdoulaye Wade, mtsogoleri wa dziko la Senegal, amene mu NEPAD, ndondomeko ya chitukuko ya mayiko a mu Africa, dziko lake linapatsidwa udindo woona za luso lamakono. Kumayambiriro kwa 2003 anapempha kuti pakhazikitsidwe thumba la ndalama lotchedwa Digital Solidarity Fund. Maganizo ake anali oti aliyense wogula kompyuta kapena zipangizo zina zotere azisonkhako kangachepe mwa kufuna kwake, ndipo ndalamazo zizikafikitsa intaneti kumene kulibe. Mayiko a mu Africa anaima naye. Koma a European Union, Japan ndi United States sanafune kumva za thumba latsopano. Iwo ankati njira zothandizira zilipo kale, kudzera ku World Bank ndi mabungwe ena, ndipo chofunika n'choti maboma osauka atsegule misika kuti makampani abwere ndi mpamba wawo. Anakokanakokana mpaka masiku omaliza msonkhano usanatsegulidwe. Mfundo imene anamanga inali yozengereza chabe: Mlembi Wamkulu wa United Nations, a Kofi Annan, akhazikitse kagulu kofufuza ngati njira zakalezo zikukwanira, ndipo nkhaniyo akaionenso pagawo lachiwiri la msonkhano ku Tunis, ku Tunisia, mu 2005.

Pamenepo ndi pamene mizinda inalowerera. Msonkhano ukutsekedwa pa 12 Disembala, mzinda wa Geneva, mzinda wa Lyon wa ku France ndi boma la Senegal analengeza kuti sadikira kafukufukuyo. Anaponya m'thumbamo ndalama zoyamba, pafupifupi mayuro 1 miliyoni onse pamodzi.

Kuti timvetse chimene chinapatsa mameya mphamvu yochita zimene nduna zinakana, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ubale wa mzinda ndi mzinda ndi wakale. Unakula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene mizinda ya ku France, Britain ndi Germany inayamba kupalana ubwenzi kuti anthu amene anaphana adziwanenso. Kwathu kuno Blantyre ndi Hannover wa ku Germany akhala paubale wotere kuyambira 1968. Intaneti itafika, makhonsolo ndi amene anayamba kukumana ndi mafunso ake maso ndi maso, chifukwa khonsolo ndi imene ili ndi laibulale, sukulu, msika, kaundula wa malo ndi ofesi yolipirako msonkho. Mu 1993 mizinda ina ya ku Ulaya inayambitsa gulu la TeleCities kuti izigawana nzeru. Mu Januwale 1994 ku Amsterdam kunatsegulidwa De Digitale Stad, mzinda wa pakompyuta momwe nzika wamba zinkalowa kukacheza, kutumizirana makalata ndi kuwerenga zikalata za khonsolo. Mu 1999 ku Helsinki mameya anasainirana chikalata choyambitsa Global Cities Dialogue, gulu limene linaitana mizinda ya m'makontinenti onse, ndipo kwa zaka zingapo analitsogolera André Santini, meya wa Issy-les-Moulineaux pafupi ndi Paris. Mu 2000, ku Bamako kunachitika msonkhano wa intaneti ndi chitukuko umene anautsogolera mtsogoleri wa Mali, Alpha Oumar Konaré, pamodzi ndi Guy-Olivier Segond, wandale wa ku Geneva. Dzina la Segond tilisunge, tikumana nalonso.

Choncho pofika 2003 mameya ambiri anali atadziwana kale. Chimene chinkawawawa n'choti pamisonkhano ya United Nations mzinda ulibe mpando. Meya wa mzinda wa anthu mamiliyoni angapo ankawerengedwa m'gulu limodzi ndi mabungwe omwe si aboma, wongomvetsera. N'chifukwa chake mameya awiri Gérard Collomb wa ku Lyon ndi Christian Ferrazino wa ku Geneva anaitanitsa msonkhano wawowawo wa mizinda ndi maboma aang'ono, umene unachitikira ku Lyon pa 4 ndi 5 Disembala, kutatsala masiku ochepa kuti wa ku Geneva uyambe. Anatulukamo ndi chikalata chimene anapita nacho ku Geneva, ndipo maganizo a Wade anali atapeza kale abwenzi pakati pawo.

Thumbalo analitsegulira ku Geneva pa 14 Malichi 2005. Panali a Wade, panalinso a Olusegun Obasanjo a ku Nigeria amene nthawiyo anali wapampando wa African Union. Segond uja ndi amene anakhala mtsogoleri wake woyamba. Wofuna kukhala membala woyambitsa ankalonjeza mayuro 300,000. Malamulo ake ankati pa ndalama zothandizira, 60 peresenti izipita kumayiko osaukitsitsa, 30 peresenti kumayiko ena amene akutukuka kumene, ndipo 10 peresenti yotsalayo kumadera osowa a m'mayiko ena onse. Ankatinso thandizo lizipita kuntchito za m'madera, zoyendetsedwa ndi anthu a komweko, osati kukamanga zinthu zikuluzikulu zimene makampani angathe kumanga okha.

Koma chimene ine ndimaona kuti chinali nzeru yeniyeni pankhani yonseyi ndi lamulo la 1 peresenti, limene anthu analipatsa dzina la mzinda wa Geneva poti ndiwo unayamba kulitsata mu Januwale 2005. Linkayenda chonchi. Khonsolo ikafuna kugula makompyuta, mapulogalamu kapena ntchito ya matelefoni, inkalemba m'chikalata choitanira makampani kuti wopambana adzapereka 1 peresenti ya mtengo wa kontirakiti ku thumbalo, kuchokera pa phindu lake. Tiyerekeze kuti khonsolo ikugula makompyuta a m'maofesi ake a ma franc (ndalama za ku Switzerland) 200,000. Kampani imene yapeza ntchitoyo ipereka 2,000, ndipo iloledwa kuika chizindikiro pa katundu wake chosonyeza kuti inasonkha nawo. Khonsolo siinapemphe nyumba ya malamulo kuti iwonjezere bajeti. Wokhoma msonkho sanamve kupweteka. Ndipo popeza khonsolo iliyonse imagula zipangizo zotere chaka ndi chaka, ndalamazo zikanamabwera ngati madzi a pakasupe, osadikira kuti nduna ina ikhale ndi mtima wabwino chaka chimenecho. Ndalama zimene mizinda ndi maboma amawononga pogula luso lamakono n'zochuluka zedi, moti mizinda mazana angapo ikanachita ngati Geneva, thumbalo likanalemera.

Mu Novembala 2005 mizinda inakumananso ku Bilbao, ku Spain, ndipo patangotha sabata maboma anakumana ku Tunis. Chikalata cha ku Tunis chinalandira thumbalo ndi mawu okoma, koma chinatsindika mawu amodzi amene mayiko olemera ankawafuna: kusonkha kwake n'kodzifunira. Palibe amene anakakamizidwa.

Ntchito zoyamba zinapita ku Burundi ndi ku Burkina Faso, m'malo osamalirako anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Anaikamo makompyuta ndi madishi a setilaiti kuti anamwino ndi alangizi a m'madera akutali azitha kufunsa madokotala, kusunga mbiri ya odwala ndi kuphunzira popanda kukwera basi ya tsiku lonse. Anathandizanso khonsolo ya Banda Aceh ku Indonesia, imene inasesedwa ndi madzi a tsunami mu Disembala 2004, kuti ilumikizikenso. Ntchito zimenezi zinali zenizeni ndipo zinafikira anthu enieni. Kungoti zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinalonjezedwa.

Vuto linaonekera msanga m'ndandanda wa mamembala. Ambiri anali mayiko a mu Africa momwemo: Senegal, Nigeria, Algeria, Ghana, Kenya, Morocco ndi ena. Mwa mayiko akuluakulu olemera a kumadzulo, amene analowa ndi France yokha. Thumba limene linapangidwa kuti litunge kwa olemera n'kuthira kwa osauka linasanduka losonkherana osauka okhaokha, ndalama zawo n'kumakasungidwa m'mzinda umene malipiro ndi lendi n'zokwera kuposa pafupifupi kwina kulikonse. Lamulo la 1 peresenti nalo silinafale. Lausanne inatsatira Geneva, Senegal inakhazikitsa lamulo lake mu 2008, koma mizinda yambiri imene inaomba m'manja ku Lyon ndi ku Bilbao siinasinthe kalikonse m'makontirakiti ake. Ena ankaopa malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma, amene salola khonsolo kuika mfundo yosakhudzana ndi katundu amene ikugula. Ena ankati makampani angokweza mitengo kuti abweze 1 peresentiyo. Ndipo meya amasankhidwa ndi anthu a mumzinda mwake: pa chisankho amafunsidwa za misewu ndi zinyalala, osati za dishi ya setilaiti ku Burundi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malonjezo a m'misonkhano anali fodya wa pachala, ndipo wambiri anapita ndi mphepo.

Mu 2007 utsogoleri unapita kwa Alain Madelin, amene anakhalapo nduna ku France. Mu Novembala 2008 ku Lyon kunachitikanso msonkhano wofuna kudzutsa thumbalo, koma sunabale ndalama zimene zinkayembekezeka. Kumayambiriro kwa 2009 mamembala anakumana ku Bamako mitima ili m'mwamba. Wade, mwini wake wa maganizowo, anadandaula poyera kuti ndalama zambiri zikuthera kuyendetsa ofesi ya ku Geneva m'malo mofika kwa anthu, ndipo anafuna kuti likulu lisamukire ku Africa. Dandaulo lake linali ndi maziko. Komanso n'zoona kuti ofesi imene inamangidwa poyembekezera mamiliyoni ambirimbiri, ikalandira ochepa, gawo la ofesiyo limaoneka lalikulu mochititsa manyazi ngakhale pasakhale wakuba. Chaka chomwecho thumbalo linathetsedwa.

Chondikhudza n'choti mu Julayi 2009 momwemo, chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito, kulumikiza Mombasa, Dar es Salaam, Maputo ndi South Africa ku Ulaya ndi ku India. Chaka chotsatira kunabwera china cha EASSy. Ku Kenya, M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, inali itayamba kale mu 2007. Foni ya m'manja inafika m'midzi imene thumba la ku Geneva silinaidziwe n'komwe. Amene ankati msika ndiwo udzathetse vutoli anaona ngati apambana mtsutso, ndipo pa mbali ina anapambanadi. Koma msika unapita kumene kuli ogula. Kumene anthu ndi ochepa kapena osauka kwambiri, nsanja ya foni siinamangidwe, ndipo kumene inamangidwa, mtengo wa bando unatsekera ambiri kunja. N'chifukwa chake mayiko ambiri ali ndi thumba lawolawo limene makampani a mafoni amasonkhamo mokakamizidwa ndi lamulo. Ku Malawi, lamulo la za mauthenga la 2016 linakhazikitsa Universal Service Fund pansi pa MACRA. Ndi maganizo apachibale ndi a Wade, kusiyana kwake n'koti apa wosonkha safunsidwa ngati akufuna.

Mizinda siinasiye kukumana, koma zokamba zinasintha. Mu 2010 mzinda wa Seoul unasonkhanitsa mizinda 50 n'kuyambitsa bungwe la WeGO, logawana luso loyendetsera ntchito za khonsolo pakompyuta. Mu Novembala 2018 Amsterdam, Barcelona ndi New York anayambitsa Cities Coalition for Digital Rights, ndipo nkhawa yawo inali ina: zinsinsi za nzika, makamera a m'misewu, ndi mphamvu za makampani akuluakulu amene amasunga zonse zimene anthu amachita pa intaneti. Za kusonkherana ndalama zinachepa, za kuphunzitsana zinachuluka.

Mu 2019 bungwe la chitukuko la France linapereka ndalama zoyambitsira ASToN, gulu la mizinda 11 ya mu Africa, kuphatikizapo Kampala, Kigali, Kumasi, Lagos, Niamey, Bamako ndi Matola wa ku Mozambique. Mzinda uliwonse unasankha vuto limodzi lokha loti ulithetse ndi luso lamakono, monga kutolera msonkho, kusunga kaundula wa malo, kupereka maadiresi kapena kuyendetsa zamtengatenga, ndipo ogwira ntchito m'makhonsolo ankayenderana kukaona mmene anzawo akuchitira. Matola inasankha za msonkho. Bamako, kumene kunachitikira msonkhano wa 2000 komanso mkangano wa 2009, nayonso inasankha za msonkho.