Mwana aphunzire mneni ndi thupi lake

Makolo ambiri mumandifunsa kuti aphunzitsi, mwana wanga amanena bwinobwino kuti mneni ndi mau oonetsa zochitika, nanga bwanji pa homuweki akulephera kumupeza m'chiganizo? Chimachitika n'chakuti mwanayo analoweza tanthauzo basi, koma sanaonepo mneni akugwira ntchito yake.

Wa giredi 1 kapena 2 musayambe naye ndi buku ayi. Muimikeni pabwalo, muzingomuuza kuti lumpha, khala, omba m'manja, sesa, iye azichita, kenako mwadzidzidzi nenani kuti "tebulo!" Muona wangoima chilili kukuyang'anani, chifukwa tebulo sungalichite. Pamenepo ndiye muuzeni kuti mau aja umatha kuchita aja ndi aneni, tebulo ndi dzina.

Akazolowera, lowani m'ziganizo, ndipo zikhale za zinthu zomwe amaona tsiku ndi tsiku. Amayi akugulitsa tomato ku msika wa Soweto. Kondakitala akuitana anthu opita ku Matero. Funso ndi limodzi lomwelo, akuchita chiyani? Yankho lake ndiye mneni.

Pomwe ana amasokonezekera kwambiri ndi apa, chilankhulo chathu mneni sayenda yekha, amanyamula wochitayo ndi nthawi yomwe. Ndikuphika, anaphika, tidzaphika, mwana amaona ngati ndi mau atatu osiyana. Ine ndimalemba atatu onsewo pabolodi m'munsi mwa linzake, n'kuphimba koyambirira ndi dzanja mpaka aone okha kuti phika sakusintha. Limeneli ndiye tsinde. Kuno ku Lusaka zimathandiza kawiri, pakuti chiyambire 2014 pomwe Chinyanja chinalowa ngati chilankhulo chophunzitsira m'magiredi oyamba, ana akhala akukumana ndi Chinyanja cha m'buku chosiyana ndi cha m'komboni, kunyumba ku Chawama kapena ku Kalingalinga mwana amati nifuna, buku likuti ndikufuna. Chonde musamukalipire kuti walakwa, muonetseni kuti funa ali monsemo, ndipo wamupeza kale mneniyo.

Msampha wina ndi chiganizo ngati "Chakudya chapsa." Ana ambiri amathamangira chakudya chifukwa amva dya m'kati mwake. Afunseni kuti chachitika n'chiyani, ayankha okha kuti chapsa. Chimodzimodzi "Mphunzitsi akulemba", ena amasankha mphunzitsi.

Mau ngati "ali" ndi "ndi", asiyeni kaye, nthawi yake idzakwana. Ngakhalenso ganiza, konda, iwala, awa ndi aneni ndithu koma sachitika poonekera, ndiye ndimawabweretsa pokhapokha mwana atakhazikika pa lumpha ndi sesa.

Sizifuna ndalama izi. Madzulo mukuphika nsima, mwana ali pafupi ndi mbaula, muuzeni azitchula zomwe manja anu akuchita, mukuthira ufa, mukuvundula, mukuomola, kenako alembe ziganizo ziwiri m'kope n'kudula mzere pansi pa mneni.