Nyambo ya Kaputeni Evans

Pa tchesi pali nyambo ina imene osewera akhala akukanganirana kwa zaka pafupifupi 200. Woyera (wosewera ndi zidutswa zoyera) akasewera e4, Nf3 ndi Bc4 (umu ndi mmene amalembera chidutswa chosunthidwa ndi bokosi la pa bolodi limene chafikapo), wakuda n'kuyankha e5, Nc6 ndi Bc5, woyerayo amakankhira pawn, kachidutswa kochepa mphamvu kuposa zonse, pa b4, pakamwa penipeni pa bishop wa wakuda. Bishop akangoidya, amapirikitsidwa ndi c3, kenako d4 imabwera, ndipo pakati pa bolodi pamakhala pa woyera, wakuda asanakonzeke n'komwe. Wataya pawn imodzi, koma wagula nthawi.

Mwini nzeruyi anali William Davies Evans wa ku Wales, kaputeni wa sitima yonyamula makalata pakati pa Milford Haven ndi Waterford. Cha m'ma 1827 anafika ku London n'kugonjetsa nayo Alexander McDonnell, katswiri woopedwa wa nthawiyo. Mbiri inawanda msanga, moti McDonnell yemweyo ndi La Bourdonnais wa ku France anaisewera kangapo pa mipikisano yawo ya 1834. Masiku amenewo kukana nyambo kunkaoneka ngati mantha. Munthu ankadya, n'kumaona yekha mopulumukira. Mu 1852 Adolf Anderssen anatsegula chimodzimodzi pogonjetsa Jean Dufresne, masewero amene mpaka lero ophunzira tchesi amawabwereza kuti aone mmene queen, chidutswa champhamvu kuposa zonse, amaperekedwera nsembe.

Amene anadzaiziziritsa nyamboyi ndi Emanuel Lasker, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1894. Iye anaona kuti vuto la wakuda ndi umbombo. Idya pawn, inde, koma osaikakamira: ibwezere pa nthawi yake, musinthane ma queen, ndipo woyera atsala ndi ma pawn omwazikana, wopanda choukira nacho. Akatswiri ambiri anaisiya pamenepo. Evans mwiniwake sanazione zimenezi, anali atamwalira kale ku Ostend mu 1872.

Ine ndimaona kuti anafulumira kuiika m'manda. Lasker anasonyeza kuti wakuda angathe kupulumuka, osati kuti woyera walakwitsa, ndipo kupulumukako kumafuna munthu wodziwa njira, wosanjenjemera koloko ikamatha. Ngakhale odziwa amatererapo. Mu 1995 ku Riga, Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse nthawi imeneyo, anakankhira pawn ija pa b4 akusewera ndi katswiri wa ku India, Viswanathan Anand. Anand anaidya, ndipo pofika kusuntha kwa nambala 25 anali atagonja.